ZA KULANDIRA MWANA WA KALULU M'KHOLA LATSOPANO

Kwa inu abale okhala m'mphepete mwa Nyanja, kuyambira ku Chipoka kufikira ku Senga Bay ndi ku Lifuwu, ndi inunso a kumtunda pang'ono kwa Khombedza ndi ku Chitala, tirikulemba mau awa pa nkhani ya kalulu woweta. Ciweto ici ncokoma kwa munthu wosauka, pakuti sicifuna mbusa, sicilowa m'munda mwa mnansi kukaputa mlandu, ndipo nyama yace ikwanira banja pa tsiku limodzi, yosatsalako yakuti ibvunde ndi kutentha. Masiku ano, pamene cambo cacepa m'Nyanja ndi kukwera mtengo, ndiwo yotere siyopeputsa ai. Koma kalulu ali nayo nyengo imodzi yoopsa m'moyo wace, ndiyo masabata oyamba atasiyana ndi amace. Ana ambiri afa pamenepo, ndipo mwini wace, atataya ndalama zace, angoti, Akalulu salola dziko lathu lotentha. Kawirikawiri cowapha ndico manja a munthu wosadziwa, ndipo za ici tifuna kulongosola.

Poyamba tisiyanitse nyama ziwiri zimene tizicha dzina limodzi. Kalulu wa m'chire, mwini nthano zathu, abadwa ndi ubweya, maso ali cipenyere, nagona pa udzu poyera. Kalulu woweta ndi mtundu wina; makolo ace anali a ku Spain ndi Portugal, okumba mauna ndi kukhala pansi pa nthaka pozizira. Ana ace abadwa atakhala m'mimba monga masiku 31, opanda ubweya, osapenya. Maso atseguka monga tsiku la 10, ndipo ayamba kuturuka m'cisa ndi kulawa zakudya za amao atakwana masabata 3. Mitundu iwiriyi siberekana. Mwana wa kalulu wa m'chire amene anyamata amtola potentha lupsa sazolowera khola, musabvutike naye. Koma kumbukirani mau aja a mauna ozizira, cifukwa mabvuto ambiri a kalulu ku Salima acokera pamenepo.

MSINKHU WOYENERA

Wogulitsa afulumira kucotsa ana kuti mace atengenso bere, ndipo wogula akondwera ndi kamwana kakang'ono cifukwa nkokongola ndi kotsika mtengo. Onse awiri alakwa. Mwana wa masabata 4 angathe kudya yekha, inde, koma matumbo ace sanalimbe, ndipo kusintha kuli konse kumtsegula m'mimba. Ife tinena kuti musamtenge asanakwane masabata 6, ndipo ngati mungathe kulindira kufikira masabata 8 mwacita bwino koposa. Mkaka wa ng'ombe sungalowe m'malo mwa mkaka wa mace, umene uli wa mafuta ambiri, kotero kuti kuyamwa kamodzi kokha pa tsiku kumkwanira.

Mukapita kukasankha, musalole kuti akubweretsereni kalulu pa mseu. Pitani ku khola kumene, muone mace ndi abale ace. Khola likanunkha ndi kunyowa, bwererani opanda kanthu. Mwana wabwino ali ndi maso owala, mphuno youma, ubweya wosalala, ndi pansi pa mcira poyera. Yang'anani m'kati mwa makutu ngati muli nkhanambo, ndi miyendo ya kutsogolo ngati ubweya wace wamatana, cifukwa kalulu wa cimfine apukuta mphuno ndi miyendoyo. Wotupa mimba, wokhala yekha pa ngondya, msiyeni ngakhale akupatseni ulere. Za mitundu sitinenapo zambiri. Woyera wa maso ofiira, wochedwa New Zealand White (ngakhale anacokera ku America), akula msanga. Koma kalulu wa mtundu uli wonse wobadwira kuno ku nyanja aposa wa dzina lomveka wocokera kozizira. Lilongwe ali pa mtunda wopitirira mamita 1,000, pamene Nyanja yathu iri pansi pa mamita 500, ndipo mwana wotsika Citunda ca ku Dowa pa mwezi wa October akumana ndi moto umene sanauonepo.

Pemphani kwa mwini khola zinthu ziwiri: cakudya cimene mwanayo anali kudya, ca masiku angapo, ndi udzu wouma pang'ono wa pogona pace. Pfungo la kwao limkhazika mtima pansi.

KHOLA LIYAMBE, KALULU ATSATE

Pali ena amene agula kalulu nayamba kufuna nsungwi mawa lace, mwanayo ali m'dengu kuseri kwa citseko pamodzi ndi mphaka. Mangani khola poyamba. La kalulu mmodzi likhale monga masentimita 90 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu, lokwezeka pa mizati kufika m'cuuno mwa munthu. Pansi pace yalani nsungwi zong'amba, mbali yosalala kumwamba, ndi mipata yonga sentimita 1, kuti ndowe zigwe koma phazi la mwana lisalowe ndi kuthyoka. Kalulu atafuna mtengo uli wonse, pakuti mano ace akula masiku onse a moyo wace. Cifukwa cace mangani zolimba, ndipo muyendere khola kawirikawiri kuona pamene waboola. Denga likhale la udzu kapena la mlaza. Malata opanda kanthu pamwamba pace asandutsa khola ng'anjo.

Malo ace akhale pa mthunzi wosacoka usana wonse. Mtengo wa mango ngwabwino. Msangu nawonso uthandiza, popeza uli ndi masamba m'cirimwe pamene mitengo yina yayoyola, koma pa dzinja ukhala wopanda masamba, ndipo pamenepo denga liyenera kukhala losadontha. Mbali yocokera Mwera muichinge ndi mkeka wa bango m'miyezi ya June ndi July, cifukwa mphepo yoomba pa mwana usiku wonse imdwalitsa cifuwa. Pofika September cotsani mkekawo kuti mpweya upite.

Adani ace ndi ambiri kuno. Agalu aopsa kalulu kucokera pansi kufikira adziphulitsa pa khoma. Makoswe aluma ana. Ng'azi ndi njoka zikwera mizati. Likongwe ndi bvumbwe adza usiku. Koma woopsa koposa ndiye linthumbu pa nyengo ya mvula, limene litha kupha khola lonse m'usiku umodzi. Imikani mizati m'zitini zokhala ndi oilo wakutha nchito, thirani phulusa pozungulira, ndipo lambulani udzu wonse wokhudza khola. M'katimo ikani kabokosi kapena mphika waukuru woswekapo wougoneka cam'mbali, kuti mwanayo akhale ndi pobisala. Kalulu wosowa pobisala akhala ndi mantha osatha, ndipo wamantha sadya.

ULENDO NDI MASIKU OYAMBA

Nyamulani mwanayo mamawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo, m'dengu lobvundikira kapena m'katoni yoboola, pa udzu wouma. Thumba la feteleza lomanga pakamwa ndi kulipacika pa njinga lapha akalulu ambiri asanafike ku mudzi. Musamgwire makutu. Mwambo uwu ngofala, koma ngwoipa: makutu ali ndi mitsempha yambiri ya mwazi, ndipo kalulu wolendewera aponya miyendo mwamphamvu kufikira athyola msana wace womwe, nakhala wopuwala. Dzanja limodzi likhale pansi pa cifuwa, lina ligwirize matako, ndipo mumfungatire pa thupi lanu.

Mutafika, muikeni m'khola pamodzi ndi udzu wa kwao uja, madzi, ndi cakudya cimene acidziwa, tsono mcokereni. Apa mpamene pabvuta, cifukwa ana a m'mudzi wonse afuna kumuona ndi kumsisita. Akanizeni masiku 3. Munthu mmodzi yekha azimdyetsa, pa nthawi imodzimodzi, wofika mwakacetecete ndi kulankhula motsitsa mau. Pambuyo pace ayamba yekha kudza kununkhiza dzanja, ndipo pamenepo mungayambe kumgwira pang'ono pang'ono. Musadabwe mukaona kuti usana angogona. Kalulu adya makamaka madzulo, usiku ndi mbanda kuca, cotero cakudya cocuruka mumpatse dzuwa likapendeka.

Ngati muli nao akalulu ena kale, watsopanoyo akhale pa yekha masabata 2 kapena kupitirira, khola lace lotalikirana ndi enawo, ndipo mumdyetse potsiriza. Pali nthenda ya akalulu yotaya mwazi, imene inadziwika poyamba ku China m'caka ca 1984, ndipo mtundu wace watsopano unafika ku South Africa m'caka ca 2022 nupha akalulu oweta ndi a m'chire omwe. Iyenda pa zobvala, pa madengu ndi pa nyama yakufa. Akalulu akayamba kufa modzidzimutsa, uzani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Ndiponso kalulu wamkuru salola mlendo m'khola mwace, amluma kolimba. Abale awiri a bere limodzi ndiwo akhala bwino pamodzi pa ubwana wao, natonthozana.

ZA CAKUDYA

Apa tikhalitsapo, cifukwa ana ambiri afa ndi cakudya cabwino copatsidwa molakwika. M'mimba mwa kalulu muli thumba lalikuru m'mene tizirombo tosaoneka ndi maso tigaya udzu. Tizirombo timeneti tizolowera cakudya cimodzi, ndipo mukasintha modzidzimutsa, tabwino tifa, toipa ticuruka, mimba itupa. Kalulu sangathe kusanza. Cimene calowa ciyenera kupitirira. Cifukwa cace sabata loyamba mpatseni ca kwao cokha. Pambuyo pace onjezani tsamba limodzi latsopano, pang'ono, ndi kulindira masiku 2 kapena 3 mukuyang'ana ndowe. Zikakhala zozungulira ndi zouma, pitirizani. Zikafewa, lekani tsambalo, mubwerere ku udzu wouma.

Udzu wouma bwino usasowe m'khola usana ndi usiku. Ndiwo uyendetsa matumbo ndi kupera mano. Masamba a mtedza oumika pa mthunzi mutakolola ndi cuma cacikuru ca m'cirimwe, ndipo nzomvetsa cisoni kuona anthu akuwatentha m'munda. Zaziwisi zoyenera ndi cisoso, kholowa, bonongwe pang'ono, masamba a nthoci, a mabulosi ndi a khobwe. Muzithyole mame atauma, muziyanike pa mthunzi kufikira zifote, ndi kuzipacika m'khola kuti asazipondereze ndi kuzikodzera. Masamba ounjika m'thumba atentha nasasa, amenewo tayani. Cigwada ciri ndi ululu, makamaka ca cinangwa cowawa, ndipo kwa mwana ncosayenera. Lukina asadye wambiri, athothola ubweya. Masamba a matimati, a mbatatesi, a fodya, a nsatsi ndi a mapeyala asalowe konse. Ndipo popeza dziko la Salima ndi la thonje, cenjerani ndi udzu wa m'mphepete mwa munda wopoperedwa mankhwala. Mwana amene atumidwa kukamweta amuuze bwino kumene sayenera kupita.

Madeya a cimanga, kapena a mpunga amene apezeka kwa olima m'madambo a ku Lifuwu, athandiza kukula, koma kwa mwana akhale ocepa, osadzaza dzanja pa tsiku, owaza madzi pang'ono ndi kamcere. Otsala cotsani asanasase. Madeya a cuku ndi ululu.

Tamva anthu akunena kuti kalulu samwa madzi. Kodi aiwala nthano ija ya nyama zokumba citsime, m'mene Kalulu anakana kukumba koma nadza kudzaba madzi? Madzi oyera akhalemo nthawi zonse, m'mbale yolemera ya dothi yosagubuduzika, ndipo muitsuke tsiku ndi tsiku. Kalulu wosamwa aleka kudya.

Cinthu cina cidabwitsa oweta atsopano. Usiku kapena mamawa kalulu aturutsa ndowe zofewa zomatana, nazidya pomwe zirikuturuka. Si nthenda ai, ndipo musamletse. M'menemo apezamo cakudya cimene tizirombo tija tamkonzera.

KUTENTHA

Kalulu sacita thukuta monga munthu. Ataya kutentha ndi makutu ndi kupuma. Akondwa pa madigiri 15 kufikira 20, nayamba kusauka akapitirira 30, cimene cicitika masiku ambiri kuno m'miyezi ya October ndi November. Amene angathe kusankha, atenge mwana wace pakati pa May ndi August, kuti kutentha kumpeze atazolowera ndi kukula. Pa masiku otentha yalani ciguduli conyowa pa denga kapena ku mbali yocokera mphepo, ndipo ikani m'khola kamtsuko ka madzi ozizira kobvundikira, kuti agone motsamira. Mukamuona atadzitambasula, akupuma mofulumira, kukamwa ndi mphuno zitanyowa, mnyowetseni makutu ndi madzi ozizira pang'ono ndi kumuika popita mphepo. Musammize m'madzi.

Khola lisesedwe masiku onse, cifukwa nthenda imene alangizi aicha coccidiosis, yotsegula m'mimba ndi kuononga ciwindi ca ana, ifala mwa ndowe zogwera m'cakudya ndi m'madzi. Ndowezo kathireni ku dimba, ndi manyowa abwino. Mwana akakhala tsiku lathunthu wosadya kapena wosacita ndowe, ali pafupi kufa, ndipo musalindire mawa kukafuna mlangizi. Makapisozi a anthu, monga amoxicillin, musammwetse. Apha tizirombo ta m'mimba tija, ndi kalulu yemwe. Akakwana miyezi 3, patulani amuna ndi akazi, ali yense m'cipinda cace, ndipo wamkazi asakwatitsidwe asanafike miyezi 5 kapena 6.