Izeki ndi Jakobo: Ubale Umene Unkabala Phwete

Sewero la nthabwala, lomwe limakonzedwa kuti anthu aseke uku akudziona okha m'zochitika za pabwalo, mphamvu yake sigona m'mawu oseketsa okha monga ambiri amaganizira, koma mu ubale wa atengambali, kutanthauza anthu amene osewera amawayerekeza. M'Malawi muno zimenezi zinaonekera poyera mwa Izeki ndi Jakobo, omwe ankaseweredwa ndi John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la Kwathu, gulu lomwe linakakamira Chichewa pa nthawi imene magulu ena otchuka, monga Wakhumbata la Du Chisiza Jr, ankasewera kwambiri m'Chingerezi. Chinenerocho, pamodzi ndi wailesi ndi kanema, chinawatulutsa awiriwa m'mabwalo a zisudzo a mumzinda wa Blantyre n'kuwafikitsa kumadera a kunyanja monga ku Chia m'boma la Nkhotakota.

Jakobo ankaoneka ngati munthu wodziwa zinthu, wofotokoza ndi wolangiza, pamene Izeki ankaoneka wosachedwa kusokonezeka, womva mawu mokhota ndiponso wofunsa zomwe wamkulu aliyense akanachita nazo manyazi. Poyamba oonera ankaseka Izeki chifukwa ankadziona anzeru kumuposa, koma nkhani ikamapita ankazindikira kuti funso lopusalo lavundukula chinthu chomwe Jakobo, ngakhalenso iwo eni, ankachivomereza osachiganizira. Apa ndi pomwe panagona luso la Nyanga, yemwe nkhope yake yokha inkatha kuseketsa asanatsegule pakamwa. Komabe n'kulakwa kuchepetsa ntchito ya Mabedi, popeza wosewera amene amakhala wodekha pambali pa woseketsa ndiye amatchera msampha, kudikira, ndi kumupatsa mnzakeyo pogwera, ndipo akafulumira kapena kuchedwa pang'ono pokha nthabwala imazizira.

Mayina a Izeki ndi Jakobo amakumbutsa za Isake ndi Yakobo a m'Baibulo, omwe anali bambo ndi mwana, koma pabwalo panalibe wamkulu woti n'kuopedwa. Ubale wawo unkafanana ndi chisuweni, chomwe pa Chichewa ndi ufulu umene ana a mlongo ndi ana a mlongo wake wamwamuna amakhala nawo wotonzana ndi kuserewulana popanda mlandu, ndipo ufulu umenewu ndiwo unkawalola kukamba za umbombo, chinyengo ndi mavuto a m'banja popanda womvera kukwiya.

Kuika wochenjera ndi wopusa pamodzi si kwachilendo. Nthano za Kalulu ndi Fisi zimayenda m'njira yomweyi, ndipo ku France mlembi Molière, m'sewero lake la mu 1671, anaonetsa wantchito Scapin akupusitsa azibambo olemera omwe ankadziyesa eni nzeru. Munthu wa ku Chia safunika kuwerenga mabuku kuti amvetse zimenezi, chifukwa padooko amaona mwini bwato akulamula alovi omwe amaidziwa nyanja kumuposa, ndipo pamsewu wa M5 pafupi ndi mlatho amaona wapaulendo akunenerera mtengo wa chambo mwamatama, wogulitsa n'kumavomera modzichepetsa chikhalirecho akudziwa bwino amene wapindula. Anthu ankaseka Izeki ndi Jakobo chifukwa ankawadziwa kale m'midzi mwawo.

Nyanga anamwalira mu 2016, ndipo ngakhale Mabedi anapitiriza kutsogolera gulu la Kwathu mpaka pomwe naye anamwalira mu 2021, Jakobo wopanda Izeki sakanakhalanso yemwe uja, pakuti aliyense wa awiriwa anaumbidwa poyang'ana mnzake. Zojambulidwa za masewero awo zomwe zatsala m'nyumba zoulutsira mawu ndi m'manja mwa anthu ziyenera kusonkhanitsidwa ndi kusungidwa bwino, kuti achinyamata ofuna kuphunzira zisudzo, a ku Chia ndi kwina konse, adzaone okha momwe awiriwa ankapatsirana mpata wolankhula.