Petulo Wouluka ndi Dzuwa: Chenjezo kwa Eni Magalimoto a m'Chigwa cha Shire

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, dzuwa limaswa mtengo, ndipo ku Ngabu kutentha kumapyola madigiri 40 kawiri-kawiri. Alimi amadziwa bwino chimene kutentha kotereku kumachita pa mbewu ndi pa ziweto, koma eni magalimoto ambiri sadziwa kuti nyengo yomweyo imawalanda petulo mu thanki, galimoto iri chiimire pakhomo. Petulo wotayika motere sasiya dontho pansi. Chimene chimamveka ndi fungo lokha. Popeza petulo wa dziko lino amachokera kutali, kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, nagulidwa ndi ndalama zakunja, nkhani imeneyi si ya amakaniko okha ai. Amene anagona pa mizere ya mafuta m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022 kufikira 2024, akudziwa mtengo wake wa lita imodzi.

Chitini cha makala

Petulo ndi mafuta osachedwa kusanduka nthunzi. Zina mwa zinthu zimene ziri m'kati mwake zimayamba kuwira pa kutentha kosafika madigiri 40, chotero pamwamba pa petulo wa mu thanki pamakhala nthunzi nthawi zonse, ndipo kukatentha nthunziyo imachuluka nifuna potulukira. Magalimoto akale anali ndi kabowo pa chivindikiro cha thanki, ndipo nthunzi inkangopita mumlengalenga. Ku America anaona kuti nthunzi imeneyi ikakumana ndi utsi wa magalimoto pa dzuwa imaipitsa mpweya wa m'mizinda. Kaamba ka ichi chigawo cha California chinalamula kuti magalimoto a chaka cha 1970 akhale ndi zipangizo zogwira nthunziyo, ndipo m'chaka cha 1971 lamulolo linafika m'dziko lonselo. Maiko ena opanga magalimoto anatsatira pambuyo pake.

Kapangidwe kake nkosavuta kumva. Thanki imatsekedwa ndi chivindikiro chokhala ndi mphira wosalola mpweya kudutsa. Kuchokera pamwamba pa thanki, paipi yaing'ono imatenga nthunzi kunka nayo ku chitini chodzaza ndi makala okonzedwa mwapadera, amene amamwa nthunziyo monga momwe thonje limamwera madzi. Injini ikatentha ndipo galimoto iri paulendo, valavu imene iri pakati pa chitinicho ndi injini imatseguka, mpweya wabwino umalowa m'chitini nutsuka makala, ndipo nthunzi ija imakapsa mu injini monga petulo wina ali yense. Mwa njira imeneyi petulo amene akanatayika amayendetsa galimoto. Magalimoto a dizilo alibe zipangizo zimenezi, pakuti dizilo sauluka msanga.

Adani a zipangizozi m'chigwa

Mdani woyamba ndi kutentha. Mapaipi a labala ndi mphira wa pa chivindikiro zimauma ndi kung'aluka msanga m'chigwa kusiyana ndi kumtunda. Magalimoto ambiri a m'dziko lino amagulidwa atayenda kale zaka zambiri ku Japan ndi kwina, chotero labala wake amafika kuno atakalamba kale.

Wachiwiri ndi fumbi ndi matope. Chitini cha makala chimapuma kudzera pa kapaipi kotsegukira kunja, ndipo pa magalimoto ambiri kapaipi kameneka kali pansi, pafupi ndi thanki. Fumbi la m'chilimwe limakatseka pang'ono-pang'ono. Madzi osefukira amachita choposa. Chigwa chino chinamira m'Januwale 2015, m'Malichi 2019, m'Januwale 2022 pa namondwe Ana, ndi m'Malichi 2023 pa namondwe Freddy. Galimoto imene inaoloka madzi ofika m'mimba mwake ingathe kukhala ndi matope m'chitini kufikira lero, mwini wake osadziwa.

Wachitatu ndi chizolowezi cha madalaivala eni ake. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta ambiri anaphunzira kugwedeza galimoto pomwetsa, kuti petulo alowe kufikira pakamwa pa thanki. Komatu opanga magalimoto anasiya dala malo opanda kanthu pamwamba pa thanki, chifukwa petulo amafufuma akatentha. Malita 40 omwetsedwa kuchokera mu thanki yozizira ya pansi pa nthaka, akatentha ndi madigiri 15, amaonjezeka ndi theka la lita kapena kupyola pang'ono. Akasowa malo, petuloyo amalowa m'paipi ya nthunzi namiza makala, ndipo makala omira sagwiranso nchito yake. Munthu woyesa kuti wapindula lita imodzi amakhala ataononga chitini cha ndalama zambiri.

Palinso nkhani ya ethanol. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza ethanol ndi petulo m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo m'chaka cha 2004 fakitale ya PressCane inayamba nchito m'boma la Chikwawa lomweli, pogwiritsa nchito manyuchi otsala popanga shuga ku Nchalo. Iyi ndi nzeru yabwino imene imapulumutsa ndalama zakunja ndi kupatsa anthu a m'chigwa nchito. Koma eni magalimoto ayenera kudziwa kuti petulo wosakaniza ndi ethanol amatulutsa nthunzi yochulukirapo, ndipo amadya labala wa mtundu wakale. Posintha paipi nkofunika kugula yopangidwira mafuta. Paipi ya madzi kapena ya pulasitiki wamba sikhalitsa.

Zizindikiro zake

Chizindikiro choyamba ndi fungo la petulo mozungulira galimoto imene yaima pa dzuwa, pansi popanda dontho. Chachiwiri ndi injini yovuta kulira munthu atangomwetsa mafuta, kapena yonjenjemera pamene galimoto yaima. Kawiri-kawiri ichi chimatanthauza kuti valavu ija yakanirira chitsegukire, ndipo nthunzi ikulowa mu injini pa nthawi yosayenera. Chachitatu ndi pampu ya pa malo omwetsera mafuta imene imangodula-dula thanki isanadzaze, pakuti mpweya wa mu thanki ukusowa potulukira. Chachinai ndi mpweya wamphamvu wotuluka kapena wolowa pamene chivindikiro chatsegulidwa. Kamkokomo kakang'ono si vuto, makamaka kwa amene wakwera phiri kuchokera ku Thabwa kunka ku Blantyre, mzinda umene uli pa mamita pafupi-fupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, kumene mpweya wakunja uli wopepukirapo. Koma mkokomo wautali tsiku ndi tsiku usonyeza kuti njira yopumira yatsekeka, ndipo thanki ingathe kufufuma kapena kuphwafuka.

Ambiri amadalira nyale yachikasu ya injini ya pa dashibodi. Nzoona kuti magalimoto opangidwira msika wa ku America kuyambira 1996 amadziyesa okha, ndipo kompyuta yake imazindikira bowo la milimita imodzi, pamene ya magalimoto a m'zaka za pambuyo pake imazindikira ngakhale la theka la milimita. Makaniko akalumikiza makina owerengera amaona manambala monga P0455, kutanthauza bowo lalikulu, P0442 bowo laling'ono, P0456 bowo laling'ono zedi, ndi P0441 kusayenda bwino kwa nthunzi yopita ku injini. Koma magalimoto ambiri opangidwira misika ya ku Japan ndi ku Ulaya ali ndi chitini ndi valavu popanda kuyesa kumeneku. Ngakhale amene amadziyesa, ambiri sayesa pamene kunja kwatentha kupyola madigiri 35 kapena chapafupi ndi pamenepo, kapena pamene thanki yadzaza kwambiri kapena iri pafupi kutha. Chotero m'chigwa muno nyale yosayaka si umboni wakuti zonse ziri bwino.

Kafunidwe ka vuto

Kuona maso a nkhono nkudekha. Makaniko wanzeru amayambira pa chinthu chotsika mtengo, ndicho chivindikiro. Amaona ngati mphira wake wang'aluka, ngati pakamwa pa thanki pachita dzimbiri, ndiponso ngati chivindikirocho chiri chake-chake cha galimotoyo. Kutseka thanki ndi kansalu, pepala la pulasitiki kapena chitsononkho, monga momwe ena amachitira chivindikiro chikatayika, ndiko kutaya petulo usana ndi usiku ndi kuitana moto.

Akachoka apo amatsata mapaipi onse ndi maso ndi zala, kuchokera ku thanki kufikira ku chitini ndi ku injini, kufuna ming'alu makamaka polumikizira. Amayang'ananso mphira wa pamwamba pa thanki pamene pampu ya petulo imalowera, pakuti pamagalimoto ambiri malowa ali pansi pa mpando wa kumbuyo, ndipo fungo lake limalowa m'kati mwa galimoto. Kenaka amachotsa chitini. Chikakhala cholemera, chodontha petulo kapena madzi, kapena chikataya timakala m'mapaipi, chiyenera kusinthidwa; kuchitsuka ndi madzi sikuthandiza. Valavu ya ku injini iyenera kukhala yotseka pamene ilibe magetsi, ndipo izi zimayesedwa ndi kapampu kam'manja. Kuyamwa paipi ya petulo ndi pakamwa nkoopsa.

Bowo likakana kuoneka, magalaja okhala ndi zida amagwiritsa nchito makina a utsi. Makinawa amalowetsa utsi wozizira m'mapaipi ndi mphamvu yochepa kwambiri, njira yopumira itatsekedwa, ndipo pamene utsi watulukira ndi pomwe pali bowo. Kupopera mu thanki ndi makina opopera matayala kumaphulitsa mapaipi ndi mavalavu. Kufuna bowo ndi machesi, nyali ya parafini kapena ndudu kukamwa ndiko kudzikumbira manda, chifukwa nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imatsikira pansi nidikha m'dzenje la galaja.

Pali amakaniko ena amene chitini chikavuta amangochichotsa nasiya paipi ili pululu. Galimoto imayenda ndithu, koma petulo amauluka momasuka, ndipo fumbi limapeza njira yolowera mu thanki.

Moyo wa anthu

Kuopsa kwa nthunzi ya petulo kunaoneka pa 17 Novembala 2016 pa mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pamene thankala imene inali kubwera ndi mafuta ku Malawi inaphulika anthu ali kutunga petulo, ndipo oposa 70 anafa. Thanki ya galimoto yaing'ono ndi yochepa poyerekeza ndi thankala, koma nthunzi yake imayaka chimodzi-modzi. Kuonjezera apo, m'petulo muli mankhwala otchedwa benzene, amene madokotala anatsimikiza kuti amayambitsa khansa ya m'magazi mwa anthu owapuma nthawi yaitali. Dalaivala wa minibasi ya pakati pa Nchalo ndi Bangula amene amakhala m'fungo la petulo tsiku lonse, pamodzi ndi kondakitala wake, ali pa ngozi yosaoneka ndi maso. A njinga zamoto za kabaza nawo asadzaze thanki kufikira pakamwa, ndipo aziimika njinga zao pamthunzi.

Boma liri ndi mabungwe oyang'anira mbali zake za nkhaniyi: la MERA limaona za ubwino ndi kagulitsidwe ka mafuta, nthambi ya Road Traffic imayesa magalimoto isanapereke chiphaso choyendera pa mseu, ndipo la TEVETA limayang'anira maphunziro a amisiri. Koma palibe bungwe limene lingayendere khomo liri lonse kukanunkhiza thanki. Udindo woyamba uli kwa mwini galimoto: kuleka kumwetsa pampu ikangodula, kumanga chivindikiro bwino, kuimika galimoto pamthunzi, ndi kupita nayo ku galaja fungo likangoyamba kumveka kapena ikaoloka madzi akuya. Safunsa anadya phula. Wokayika afunse makaniko wophunzira nchito yake dzuwa la Okutobala lisanafike.