Nambala zitafufutika, sitima idatha zaka ziwiri pamtunda

Anthu a kumapiri a Dedza nyanja amaionera patali. Koma usipa ndi utaka zimene zimakwera msewu wokhotakhota wa Golomoti kudzafika pamsika wa paboma kapena wa Lizulu zimakumbutsa kuti moyo wa kumtunda ndi wa kunyanja ndi umodzi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti sitima yotchuka ya Ilala idadutsapo m'boma la Dedza isadakhudze madzi.

Sitimayi idapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Itatha kupangidwa, adaiphwasula n'kuinyamula zidutswazidutswa mpaka padoko la Beira. Kuchoka kumeneko zitsulozo zidakwera sitima ya pamtunda, panjanji yodutsa ku Golomoti ndi Mtakataka kupita ku Chipoka. Amisiri atazilumikizanso, Ilala idayamba ntchito mu 1951.

Sitima yaikulu siingafike yathunthu pa nyanja ya Malawi chifukwa mathithi a mumtsinje wa Shire adatseka njira. Choncho wojambula pulani amakhala dziko lina, wodula zitsulo kwina, wolumikiza ali kuno kwathu. Anthu atatuwa akapanda kumvana, ntchito yonse imaima.

Izi zidachitikadi pa sitima ya Chauncy Maples, imene amishoni a mpingo wa Anglican adaitanitsa kuchokera ku Glasgow komweko. Idabwera m'zidutswa zoposa 3,000, kudzera mumtsinje wa Zambezi ndi Shire, ndipo pamalo a mathithi anthu adazisenza pamutu. Chidutswa chilichonse chidalembedwa nambala yosonyeza pamene chiyenera kukhala. Tsoka lake, zitsulozo adaziviika m'mankhwala oteteza dzimbiri nambala zitalembedwa kale, ndipo nambalazo zidakwiririka. Amisiri kwa Mponda ku Mangochi adatsala ndi mulu wa zitsulo, kumayesa ichi ndi icho. Padatha zaka ziwiri, ndipo sitimayo idalowa m'madzi mu 1901.

Vuto limeneli ndi limene makompyuta akuthetsa masiku ano m'maiko opanga sitima zambiri monga China, South Korea ndi Japan. Mainjiniya amayamba amanga sitima yonse pakompyuta, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga AVEVA Marine, CADMATIC kapena ShipConstructor. Chithunzi chake munthu amatha kuchitembenuza mbali zonse, ngakhale kulowa m'kati mwake n'kuona injini, mathanki, mapaipi ndi mawaya.

Ubwino wake ngwakuti onse amagwira ntchito pa chithunzi chimodzi. Wa mapaipi akadutsitsa paipi pamalo pamene wa magetsi waika mawaya, kompyuta imachenjeza chitsulo chisadadulidwe. Kale cholakwa chotere chinkaoneka ntchito ili m'kati, ndipo owotcherera ankachita kudula zimene awotcherera kale. Pulani ikasintha, aliyense amaona kusinthako nthawi yomweyo, osati wina kumagwirabe pepala la mwezi watha.

Chithunzicho chikavomerezedwa, miyeso imapita ku makina odula zitsulo. Kompyuta imayala zidutswa pa chitsulo chachikulu ngati mmene telala waluso amayalira pa nsalu kuti zotsala zichepe. Makinawo amalembanso nambala pa chidutswa chilichonse, ndipo nambalayo imasungidwa m'kompyuta pamodzi ndi muyeso wake, kulemera kwake ndi malo ake. Ikafufutika pachitsulo, siitayika ngati zidachitikira kwa Mponda.

Nkhaniyi si ya ndalama ndi nthawi zokha ayi, ndi ya miyoyo. Mu July 1946 sitima ya Viphya, imene idali yatsopano, idatembenuzika ndi mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanja ndipo anthu 145 adamira. Lero mapulogalamu monga NAPA, ya ku Finland, amawerengera kulemera kwa sitima ndi katundu wake n'kuonetsa mmene ingapendekere ikakumana ndi mafunde, isadamangidwe n'komwe. Pa nyanja imene mwera umawinduka mwadzidzidzi, kuwerengera kotere n'kofunika kwambiri.

Komabe kompyuta siwotcherera yokha. Imafuna magetsi odalirika, mapulogalamu ake ngokwera mtengo, ndipo munthu akalowetsamo muyeso wolakwika, makina amadula cholakwikacho mokhulupirika. Pamafunikabe mmisiri wodziwa kuwerenga pulani ndi kuyeza bwino.

Ilala yatumikira zaka zoposa 70, ndipo anthu a pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu akhala akuidalira pa maulendo, chakudya ndi katundu wa m'masitolo. Tsiku limene idzapume, sitima yolowa m'malo mwake idzafunikanso kulumikizidwa m'mbali mwa nyanja yomweyi. Funso n'lakuti, kodi odziwa kuwerenga mapulani a pakompyutawo adzakhala ana athu kapena tidzaitananso alendo?

Ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa ntchito za pamadzi ndiponso malo okonzera sitima. Mnyamata amene akuwotcherera ngolo ndi mafelemu a zitseko pa Dedza kapena pa Linthipe ali kale ndi theka la luso limeneli. Theka linalo ndi masamu, kujambula mapulani ndi kompyuta. Makolo, mwana akamakonda kuyeza ndi kujambula, musamuone ngati akutaya nthawi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pomanga sitima wa pulani ndi wa moto wowotcherera amafunana.