Mlendo yemwe sitidamumange

Mu Okutobala 2011, Omar al-Bashir, yemwe pa nthawiyo anali mtsogoleri wa dziko la Sudan, adabwera ku Lilongwe kumsonkhano wa COMESA. Adalandiridwa ndi ulemu wonse, ndipo msonkhano utatha adakwera ndege kubwerera ku Khartoum popanda womugwira ngakhale malaya. Komatu mkuluyu ankafunidwa ndi khoti la milandu ikuluikulu la ICC la ku The Hague, lomwe lidatulutsa chikalata choti amangidwe mu 2009 pa milandu ya pankhondo, kenaka china mu 2010 pa mlandu wofuna kufafaniza mitundu ya anthu ku Darfur. Bungwe la United Nations lidati nkhondo ya m'derali idapha anthu pafupifupi 300,000. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la Rome, lomwe lidakhazikitsa khotili, mu 2002, choncho linali ndi udindo womumanga. Boma la Bingu wa Mutharika lidakana, ponena kuti mtsogoleri wa dziko samangidwa ali pampando, komanso kuti bungwe la African Union lidagwirizana zosathandiza khotili pa nkhani ya al-Bashir. Mu Disembala chaka chomwecho oweruza a ICC adagamula kuti Malawi adaphwanya pangano, ndipo adakatineneza ku Security Council ya United Nations.

Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Chemusa angafunse kuti za ku Darfur zimukhudza bwanji iye, poti chomwe chikumusowetsa tulo ndi mtengo wa ufa ndi lendi. Funsoli ndi lomveka. Koma dandaulo lomwe limamveka tsiku ndi tsiku pasiteji ya maminibasi, loti wakuba nkhuku amakagona ku Chichiri pomwe wakuba mabiliyoni akungoyenda pagalimoto yamagalasi akuda, ndi lomwelo lomwe lidabala ICC. Nkhondonso ili ndi malamulo ake: msilikali saloledwa kupha dala anthu wamba, kugwiririra amayi, kuotcha midzi, kuombera zipatala kapena kupatsa ana mfuti. Vuto n'lakuti olamula zoterezi kawirikawiri ndiwo eni asilikali, apolisi ndi makhoti a m'dziko mwawo, ndiye angawazenge ndani? Khoti la ku The Hague lilibe apolisi akeake. Limadalira maiko omwe adasaina panganolo kuti agwire wofunidwa akaponda m'dziko mwawo. Tsiku limenelo udindowu udagwera ife, ndipo tidauzemba.

Sitinganamizire kuti nkhondo sitiidziwa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira kuno kuchokera ku Mozambique pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, n'kudzaza Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ena atadulidwa makutu ndi milomo. Nkhondoyo itatha mu 1992, nyumba ya malamulo ya kumeneko idakhululukira onse, moti odula anzawo ziwalo sadaimepo m'khoti. Lero ku Dzaleka kuli anthu othawa kwawo opitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Asilikali athu nawo adakafera kum'mawa kwa Congo: asanu ndi mmodzi pafupi ndi Beni mu Novembala 2018, kuphatikizapo Chancy Chitete yemwe adaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania.

Alipo onena kuti ICC ndi khoti la azungu losakira anthu akuda, ndipo mawu awo sali opanda mutu. Omwe khotili lawapeza olakwa pa milandu ya pankhondo, monga Thomas Lubanga, Bosco Ntaganda ndi Dominic Ongwen, ndi a mu Africa, pomwe America, Russia ndi China sadalowe n'komwe m'panganoli. Tsankho limeneli n'loona ndipo limawawa. Komabe milandu ya ku Uganda, Congo ndi Mali idaperekedwa kukhotili ndi maboma a maikowo, ndipo ophedwa ndi kugwiriridwa m'milanduyi ndi anthu akuda omwe. Kusamanga al-Bashir pofuna kukhaulitsa azungu sikudapweteke mzungu aliyense. Kudapweteka amasiye a ku Darfur. Ndiponso khotili layamba kutambasula dzanja: lidatulutsa chikalata chomangira Vladimir Putin mu 2023, cha Benjamin Netanyahu mu 2024, ndipo Rodrigo Duterte wa ku Philippines adamangidwa mu 2025. Ngati sitifuna The Hague, tizenge tokha milanduyi, monga zidachitikira ku Senegal komwe Hissène Habré wa ku Chad adalamulidwa mu 2016 kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Joyce Banda atakhala mtsogoleri wa dziko lino mu 2012 adakana kuti al-Bashir abwerenso, moti msonkhano wa African Union womwe umayenera kuchitikira ku Lilongwe mu Julaye udasamukira ku Addis Ababa. Ena amati adangoopa opereka thandizo, poti America inali itaimika ndalama zokwana madola 350 miliyoni zokonzera magetsi. Mwina n'zoona, ndipo n'zachisoni ngati chilungamo chathu chimadikira kuti wina atseke kaye thumba. Ngakhale zili choncho, chiganizocho chinali cholondola.

Onenanso kuti kusaka atsogoleri kumasokoneza mtendere aone zomwe zachitika ku Sudan. Zigawenga za Janjaweed zomwe zidaotcha midzi ku Darfur sizidalangidwe, ndipo zambiri zidasanduka gulu la RSF, lomwe kuyambira mu Epulo 2023 lakhala likumenyana ndi asilikali a boma ndipo likunenedwa kuti lapha anthu wamba ochuluka ku El Geneina ndi El Fasher. Mmodzi yekha mwa akuluakulu a Janjaweed, Ali Kushayb, ndiye adapezeka wolakwa ku The Hague mu Okutobala 2025, patapita zaka zoposa 20 chichitikireni zoopsazo. Al-Bashir adachotsedwa pampando mu 2019, koma akuluakulu a ku Sudan sadamuperekebe ku ICC.