Mafunso a ana a kwa Nthache ndi oyenera kumveka pa wayilesi

Ikafika miyezi ya Meyi ndi Juni, m'mphepete mwa msewu wa M6 wochoka pa Zalewa kupita kuchipata cha Mwanza mumadzaza madengu a manachesi. Zipatsozi zimachokera m'minda ya m'bomali, m'madera a mafumu monga Nthache ndi Kanduku, ndipo ana a kumeneko amakula akudziwa kuthyola, kusankha ndi kunenerera mtengo. Koma mutafunsa mwana wa Fomu 2 chifukwa chake nachesi amafiira nthawi yachisanu, angakuyang'aneni modabwa, chifukwa funso lotere sanalionepo pa mayeso.

Yankho lake lilipo, ndipo ndi lokoma. Khungu la nachesi wamng'ono limakhala lobiriwira chifukwa cha chlorophyll, chinthu chomwecho chimene chimabiriwiritsa masamba. Usiku ukayamba kuzizira, chlorophyll amasweka, ndiye mtundu wachikasu ndi wofiirira umaonekera. N'chifukwa chake kumalo otentha usana ndi usiku malalanje amatha kupsa ndi kutsekemera khungu likadali lobiriwira. Mlimi wodziwa izi sangalole kuti vendala amugwetsere mtengo ponamizira kuti chipatso n'chachiwisi pongoona mtundu.

Nkhani ngati imeneyi ingakambidwe m'mphindi zisanu pa wayilesi, m'Chichewa, ndipo oikamba angakhale ana asukulu eni ake.

M'Malawi muno zoti ophunzira agwire maikolofoni si zachilendo. Ku Zomba kuli Chanco Community Radio, imene inakhazikitsidwa pa Chancellor College, yomwe kuyambira 2021 ndi University of Malawi. Wayilesiyi inabadwa kudzera m'ntchito yothandiza anthu ozungulira nyanja ya Chilwa kulimbana ndi kusintha kwa nyengo, ndipo ophunzira a pasukuluyi amaphunzirirapo kukonza ndi kuulutsa mapulogalamu. Nkhani zake sizisowa, pakuti nyanjayo inaphwa mu 1995 ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu, asodzi n'kumafunsa chimene chikuchitika. Ku Blantyre nako, ophunzira utolankhani amasulidwa pa MIJ FM.

Akatswiri a kafukufuku nawo anaona kuti wayilesi imafika kumene mabuku awo safika. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linayambitsa pulogalamu ya Umoyo N'kukambirana pa MBC Radio 1, momwe madokotala ndi ofufuza ankafotokoza za malungo, chifuwa chachikulu ndi matenda ena m'Chichewa, omvera n'kumatumiza mafunso pa foni. Ana a makalasi oyamba a pulaimale anaphunzirapo kudzera m'pulogalamu ya Tikwere, ndipo sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, unduna wa zamaphunziro unathamangiranso ku wayilesi.

Chimene chikuchepa ndi mawu a mwana wa kumudzi, wa pasekondale yoyendera, akufunsa funso lake ndi kukasaka yekha yankho. Mayeso a sayansi, kuyambira Sitandade 8 mpaka Fomu 4, amalembedwa m'Chingerezi, ndipo ana ambiri amangoloweza matanthauzo kuti akhoze. Wophunzira amene wauzidwa kuti afotokozere agogo ake pa wayilesi chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amazizira kuposa a mu ndowa ya pulasitiki sangabisale kuseri kwa mawu oloweza. Ayenera kumvetsa kaye kuti dothi lili ndi timabowo tosaoneka, kuti madzi ochepa amatulukira kunja, ndipo akamauma amachoka ndi kutentha. Akafika potha kunena zimenezi m'chinenero cha kwawo, ndiye kuti phunzirolo lalowadi.

Mafunso otere kwa Nthache ali ponseponse. Bwanji malata amalira dzuwa likaswa mtengo? Bwanji mbande ya nachesi yomezanitsa pa tsinde la ndimu imayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pomwe yodzala njere imachedwa kwambiri? Bwanji wayilesi ya FM imamveka bwino pamtunda koma ikafika m'chigwa imayamba kuphwephwera? Apa yankho n'lakuti mafunde a FM amayenda pafupifupi molunjika, choncho phiri likaima pakati limawatchinga, ndipo Mwanza ndi dziko la mapiri.

Koma pali funso limodzi lolemera kuposa onsewa, lokhudza mphenzi.

Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga kwa Mfumu Dambe m'boma la Neno, lomwe mpaka 2003 linali mbali ya Mwanza, anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la 1911, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulo palokha silichotsa mantha mumtima. Mantha amachepa munthu akadziwa kuti mphenzi ndi magetsi amene amaunjikana m'mitambo ya mvula, ndipo pofuna njira yofikira pansi amakonda chinthu chachitali: mtengo woima paokha, mlongoti, kapena munthu woima pambalambanda.

Mwana angathenso kuyeza yekha kutalika kwa pomwe yagwa. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, pomwe phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha. Choncho kukang'anima, munthu awerenge masekondi mpaka bingu ligunde. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akawerenga osafika 30, mphenziyo ili mkati mwa makilomita khumi, ndipo ndi nthawi yosiya khasu kapena mpira n'kulowa m'nyumba, osati kukausa pansi pa mtengo. Mawu amenewa akatuluka m'kamwa mwa mdzukulu wa m'mudzi momwemo, anthu angawamve mosiyana ndi mmene amamvera mlendo wobwera pa galimoto. Nkhani iyi yokha ndi chifukwa chokwanira choyambitsira pulogalamu.

Zipangizo si vuto lalikulu monga kale. Sukulu sifunika kukhala ndi nyumba youlutsira mawu kapena chiphaso cha MACRA. Foni yamakono ya mphunzitsi imajambula mawu omveka bwino, ndipo mawuwo angatumizidwe pa WhatsApp ku wayilesi imene yavomera kupereka mphindi khumi pa sabata. Oyankha mafunso ali pafupi: mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa zaumoyo, namwino wa pachipatala cha boma ku Mwanza, wokonza mafoni pamsika, mayi woumba mbiya. Pofunika kusamala n'pakuti bodza likalowa pa wayilesi limafika kutali, motero mphunzitsi wa sayansi ayenera kumvetsera zonse zisanatumizidwe, ndipo atsikana azipatsidwa maikolofoni mofanana ndi anyamata.

William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene mu 2002 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anayamba kudziwa za magetsi pomasula mawayilesi akale kuti aone chimene chimalankhula m'katimo. Ana a chidwi chotere aliponso m'sukulu za kwa Nthache. Aphunzitsi akuluakulu ndi makomiti a sukulu m'derali asadikire bungwe lochokera kutali: teremu ikubwerayi akhazikitse kalabu, asonkhanitse mafunso a ana, ajambule pulogalamu yoyamba yonena za mphenzi mvula isanayambe, n'kukagogoda pakhomo la wayilesi imene anthu a m'deralo amamvera.