Phenobarbitone, mankhwala akale amene akuteteza odwala khunyu

Phenobarbitone ndi amodzi mwa mankhwala amene odwala khunyu, lomwe ena amati matenda akugwa, amalandira m'zipatala za boma monga cha Machinga ku Liwonde ndi cha Balaka. Kampani ya Bayer ya ku Germany idayamba kuwagulitsa mu 1912 m'dzina loti Luminal, ngati mankhwala ogonetsa. Chaka chomwecho dokotala Alfred Hauptmann adaona kuti odwala ake omwe ankamwa mankhwalawa pofuna tulo adachepetsanso kugwa.

Maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga ngati magetsi, ndipo munthu amagwa khunyu pamene maselo ambiri atumiza mauthengawo nthawi imodzi mwachisawawa. Ubongo uli ndi mabuleki akeake, omwe ndi timadzi totchedwa GABA. Phenobarbitone amakulitsa mphamvu ya GABA pochititsa kuti timipata tolowera chloride m'maselo tikhale totsekuka nthawi yaitali. Zikatero maselo amadekha, osafulumira kutekeseka.

Mankhwalawa amachedwa kutha m'thupi, moti pamadutsa masiku angapo kuti theka lake lichoke m'magazi a munthu wamkulu. N'chifukwa chake ambiri amamwa kamodzi patsiku, madzulo pokagona. M'chipatala amaperekedwanso ngati jakisoni kwa khanda lophupha, kapena kwa mwana wa malungo a mu ubongo amene sadaleke kuphupha atalandira diazepam.

Koma ali ndi zovuta zake. Akuluakulu amawodzera, pamene ana ena amasanduka osakhazikika. Amafulumizitsanso chiwindi kuphwanya mankhwala ena, motero mapiritsi olera, njira yolera ya pamkono ndi ma ARV ena zimatha mphamvu. Wodwala ayenera kuuza adokotala mankhwala onse amene akumwa, ndipo mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati afunse uphungu kuchipatala. Kuwaphatikiza ndi mowa kumatha kufooketsa kupuma mpaka imfa.

Choopsa china n'kusiya mwadzidzidzi. Khunyu limabwerera mwamphamvu, munthu n'kumangogwa mobwerezabwereza osatsitsimuka. Kwa anthu okhala m'mbali mwa Shire, amene amasodza, kuchapa kumtsinje ndi kuphika pamafuwa, kugwa kumodzi kokha kungathe kumiza kapena kutentha munthu. Choncho wodwala amalangizidwa kukatenga mapiritsi ena, akale asanathe, ndipo kuchepetsa mlingo kumachitika pang'onopang'ono motsatira malangizo a dokotala.