Dokotala Akakwezedwa Kukhala Mkulu wa Zaumoyo m'Boma

Pamene dziko lino linkalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, madokotala achimalawi adali owerengeka pa zala. Aliyense wofuna ntchitoyi ankayenera kukaphunzira kunja, monga adachitira Dr. Daniel Malekebu amene adatsiriza maphunziro awo ku Meharry, m'dziko la Amereka, m'chaka cha 1917. Zipatala zambiri za m'maboma zinkayendetsedwa ndi madokotala obwera kapena ndi othandiza madokotala. Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1991 pamene sukulu ya College of Medicine idatsegulidwa mu mzinda wa Blantyre, ntchito imene malemu Pulofesa John Chiphangwi adaikhetsera thukuta kwambiri. M'chaka cha 2021 sukuluyi idaphatikizidwa ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu, nkukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Lero mnyamata kapena mtsikana akatsiriza maphunziro a udokotala, amayamba wagwira ntchito miyezi 18 moyang'aniridwa ndi akuluakulu pa chipatala chachikulu, ndipo akakhoza bwino, bungwe la Medical Council of Malawi limamulemba m'kaundula wake. Apa njira zimagawikana. Ena amapitiriza maphunziro kuti akhale akatswiri a matenda a ana, a azimayi kapena a opaleshoni. Ena amatumizidwa ku zipatala za m'maboma, ndipo kumeneko, chifukwa cha kuchepa kwa madokotala, ambiri akhala akupatsidwa ukulu asanathe ndi zaka zingapo zomwe pa ntchito.

Mpando umenewu kale unkadziwika ndi dzina loti DHO. Chifukwa cha ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, ntchito zaumoyo zidalowa pansi pa khonsolo, ndipo mkuluyu adayamba kutchedwa Director of Health and Social Services, nagwira ntchito pansi pa bwanamkubwa wa boma.

Tsono chovuta nchakuti zimene dokotala adaphunzira zaka zisanu ndi zimene zimamudikira pa tebulo m'mawa uliwonse nzosiyana kutalitali. Ku sukulu adamphunzitsa kumvera chifuwa ndi kutumbula mayi amene mwana wapingasa. Mu ofesi amapeza kalata yoti mafuta a ambulasi atha, mpope wa ku chipatala chaching'ono cha kumudzi udafa kalekale, wogulitsa chimanga cha odwala sadalipidwe, ndipo anamwino awiri akukana kupita kumene adawatumiza chifukwa kulibe nyumba. Masana akuyenera kukayankha mafunso a makhansala ndi mafumu pa za ndalama. Ndalamazo nzochepa, ndipo akapatsa gawo lina ndiye kuti wamana linzake. Izi sizichizika ndi jekeseni.

Pali chinthu china chimene madokotala ambiri atsopano amachedwa kuchizindikira. Boma limene alipatsidwa silithera pa mpanda wa chipatala. Zitsime, zimbudzi, misika, malo ophera ng'ombe, sikelo ya ana ndi katemera, zonsezi zili m'manja mwake, ngakhale kuti oziyendera tsiku ndi tsiku ndi oyang'anira zaukhondo ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi. Alangiziwa ali ndi mbiri yawo: ntchito yawo idachokera kwa anthu amene adalembedwa kuti athandize kulimbana ndi kolera pamene matendawa adabuka m'chaka cha 1973. Mliri wa kolera umene udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 udafika m'maboma onse ndipo udapha anthu oposa 1,700. Pa nthawi yotero wodi imadzaza chifukwa cha madzi amene anthu akumwa kumudzi, ndipo mkulu amene amapereka galimoto ndi mafuta onse ku chipatala chokha, nasiya ogawa mankhwala othira m'madzi akuyenda pansi, amangokhalira kulandira odwala atsopano.

Nanga dokotala wofuna mpando wotere akonzekere bwanji? Malo akapezeka amalengezedwa m'nyuzipepala, ndipo ofunsira amaitanidwa kukaonekera pamaso pa bungwe lolemba anthu ntchito, monga Health Service Commission kapena Local Government Service Commission. Chiphaso cha Medical Council chiyenera kukhala chamoyo. Digiri yachiwiri ya umoyo wa anthu onse, imene imaphunzitsidwa konkuno, imathandiza ndithu, pakuti m'menemo muli maphunziro a kuwerengera matenda ndi kayendetsedwe ka ntchito. Koma pepala lokha silikwanira. Dokotala wanzeru amapempha yekha kukhala nawo pamene akuluakulu akukonza ndondomeko ya chaka, amakhala pansi ndi wowerengera ndalama kufikira atamvetsa mabuku ake, ndipo nthawi zina amavula khoti loyera nkukwera njinga yamoto pamodzi ndi woyang'anira zaukhondo kukaona mjigo umene anthu akudandaula nawo. Mzamba amene wakhala pa chipatalapo zaka 20 amadziwa mlatho umene umakokoloka mvula ikagwa ndiponso mfumu yoyenera kuyamba kuionera nkhope. Wofika kumene akamufunsa mwaulemu, sabisa.

Nawonso olemba ntchito ali ndi mbali yawo. Si dokotala aliyense waluso pa mpeni amene angakhoze kutsogolera anthu mazanamazana, ndipo kumukweza wotere ndiye kutaya pawiri: wodi yataya sing'anga wake, ofesi yapeza munthu amene mtima wake uli kwina. Nchifukwa chake nkofunika kuti katswiri wokonda odwala azikwezedwa ndi kulandira malipiro oyenera ali m'wodi momwemo, osachita kufuna ofesi kuti banja lake lidye bwino. Ndipo amene wasankhidwa asamangopatsidwa makiyi ndi chidindo. Mkulu wotuluka azikhala naye masabata angapo, amuonetse ngongole zimene zilipo, ayende naye m'zipatala zazing'ono zonse, za boma ndi za mishoni zomwe, ndi kukamudziwitsa kwa mafumu mvula isanayambe.